Pomwe Panali Katoni

Mdala wa Guluu ananeneratu, ndipo ananena ine ndili pomwepo, mwana ali kumsana.

"Aphunzitsi, uyu musamuuze zimenezo. Uyu ndimamudziwa. Sadziwa polekezera."

Onse anaseka. Inenso ndinaseka nawo, sindingakane.

Linali Lolemba. Lolemba mabwana sasewera, ndiye onyamula zikwama amaloledwa kulowa m'bwalo la gofu ndi ndodo zakale zomwe eni ake anataya. Amuna anga ndi mmodzi wa onyamula zikwamawo. Chino ndi chaka chachisanu ndi chinayi akuyenda pambuyo pa anthu ena, chikwama cha ndodo chili paphewa, moti khungu la paphewapo linauma ngati la kuphazi. Tsiku limenelo ndinawapititsira tiyi ndi buledi kuseri kwa shedi, komwe mdala uja amamata zogwirira zatsopano pa ndodo zakutha. Zala zake zimakhala ndi guluu nthawi zonse. Akakupatsa moni wa m'manja mumasiyana movutikira.

Amuna angawo anzawo amawatchula kuti Chikwakwa. Mpira wawo umanyamuka bwinobwino, anthu n'kuyamba kuyamikira, kenako uli m'mwamba umakhotera kumanja ngati wakumbukira kuti waiwala kanthu kunyumba, n'kukagwera m'tchire. Mphamvu ali nazo, maso ali nawo, bwalo amalidziwa udzu ndi udzu. Koma kukhotako.

Aphunzitsi, amene amaphunzitsa mabwana kamenyedwe ka mpira, anali atalengeza kuti akufuna wowathandiza. Anasankha anthu atatu oti adzawayese pakatha masabata asanu ndi limodzi, Lolemba m'mawa. Wopambana adzasiya kunyamula. Adzavala malaya a kalabu ya gofuyo, azidzalandira pamwezi, mvula igwe isagwe. Amuna anga anali mmodzi wa atatuwo.

Nditafika ndinapeza Aphunzitsi atatsamiritsa lata lakale pakhoma la shedi, mopendekeka ngati denga.

"Taona lata ili, Chikwakwa. Ndodo ikamakwera izikwera motsata kupendekeka uku. Ikamatsika itsikire kunsi kwa lata, osati pamwamba pake. Iwe ukafika pamwamba umaponya phewa lakumanja kutsogolo, ndodo imatulukira kunja, imabwera kudzadula mpira chopingasa ngati ukutchetcha udzu. Chiyambe ndi chiuno. Chigongono chitsike chikukhudza nthiti. Ndodo ichokere mkati, kufupi ndi iwe, ipite kunja itamenya kale."

"Ndamva, Aphunzitsi."

"Wamva ndi makutu. Manja akowa ndi agonthi."

Anatenga katoni ya nsapato n'kuiika pansi, kutsidya kwa mpira, chakumbuyo pang'ono, kusiya mpata wa chikhatho chimodzi. Anati ndodo ikachokera kunja iyamba yamenya katoni, koma ikachokera mkati katoni sidziwa n'komwe kuti padutsa kanthu. Amuna anga anamenya katatu. Katatu konseko katoni inauluka, kachitatu inakatera padenga la shedi.

"Vuto lako katoni sukuiopa," anatero Aphunzitsi. "Uziika chinthu choti ukachimenya ulire. Manja amaphunzira msanga akamaopa."

"Aikepo apongozi ake," anatero mnzawo wina wamtali.

"Amenewo ndiye amenya dala," wina anayankha.

Munali m'kati mwa kuseka kumeneko momwe Mdala wa Guluu ananena mawu aja, osadzutsa n'komwe mutu pa ndodo yomwe ankamata. Aphunzitsi anangoti, "Mdala, guluu wakulowani m'mutu," nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine ndine munthu wamantha. Amayi ankati ndinabadwa ndikuyang'ana kukhomo. Ndikakhoma chitseko ndimachiyesa kawiri, mbaula ndimabwerera kukaiona ngakhale ndathirapo madzi ndekha, ndipo mwana wathu Kaphwiti akagona nthawi yaitali ndimaika chala pamphuno pake. Ndimawerenganso zinthu. Masitepe, mabatani a malaya omwe ndimasita kuntchito kwanga kochapira zovala, masiku. Ku sekondale masamu ndiwo ankandikonda, moti nkhani ya lata ija ndinaimva msanga kuposa mwini wake.

Timakhala chipinda chimodzi m'nyumba za mdadada. Kuseri kuli kampata ka simenti pakati pa khoma ndi mpanda, masitepe asanu m'litali, atatu m'lifupi, komwe timayanika zovala. Madzulo omwewo amuna anga anayala chidutswa cha kapeti wakale pamenepo, anapachika bulangete pachingwe kuti lizigwira mpira, kenako anatola khala pambaula n'kujambula kabwalo pa simenti, m'mphepete mwa kapeti, pomwe payenera kukhala katoni. Ndodo ali nayo imodzi, yachitsulo, yolembedwa 7 kunsi kwake. Anawasiyira bwana wina posamuka.

Anayamba ndi makapu athu.

"Bambo a Kaphwiti, ndiye timwera chiyani?"

"Sindiswa. Cholinga chake ndi chimenecho, kuti ndisaswe."

Kapu yoyamba inasweka mawuwo asanazizire. Yachiwiri inakhala masiku atatu. Yachitatu sindinaione ikusweka, ndinangotola chogwirira chake patsinde pa mpanda. Tinatsala ndi makapu apulasitiki a mwana, ndipo amenewo anati alibe ntchito chifukwa saopsa munthu.

Kenako fulasiki. Achemwali anga anandigulira nditachira Kaphwiti, yofiira, yosunga madzi otentha mpaka mawa lake. Nditaipeza itaima m'kabwalo ka makala ndinangoti chilili pakhomo. Koma ndinaona ndi maso anga munthu akusintha. Anakweza ndodo, anafika pamwamba, anaima kaye pang'ono. Chiuno chinayamba, chigongono chinatsika chikupukuta malaya, ndodo inadzera mkati n'kuilambalala fulasiki ngati ikulambalala apongozi panjira. Mpira unagunda bulangete pakati penipeni. Ngakhale kulira kwake kunali kwina, kouma, kwakufupi.

"Mwaumva, mayi a Kaphwiti? Mwaumva umenewo?"

Ndinaumva. Anandipempha kuti ndiziwajambula pafoni yanga, ndipo ndikaweruka ndinkaima kumbuyo kwawo, mwana ali kumsana, n'kumajambula. Tikadya tinkaonera limodzi titakhala pabedi. Ndinkaimitsa chithunzi pomwe ndodo yayamba kutsika, n'kugoneka pensulo pagalasi la foni, kuchokera pa mpira kufika paphewa, kuti tione ngati ndodo yadzera kunsi kwa pensulo kapena pamwamba pake. Iwo ankati ndine aphunzitsi aang'ono. Ine ndinkati andipatse malaya a kalabu kaye. Zinali ngati tabwerera kusukulu tonse awiri, ndipo masiku amenewo ndi amene amanditopetsa kwambiri ndikawakumbuka.

Pa tsiku lachisanu la fulasiki ndinayamba kuona kanthu. Kuima kuja kwa pamwamba kunayamba kufupika. Maso awo anasiya kuba fulasiki asanamenye. Pachithunzi ndodo inayamba kusuzumira pamwamba pa pensulo, pang'ono pokha, ngati mwana wosuzumira pawindo. Ndinawauza.

"Mwayamba kuizolowera."

"Ndiye bwino. Ndiye kuti manja aphunzira."

"Ayi. Mwasiya kuiopa."

"Inu ndiye mumaopa ndi mthunzi womwe."

Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinasesa tizidutswa tonyezimira mpaka dzuwa kulowa, kenako kukwawa ndi kansanza konyowa simenti yonse, chifukwa Kaphwiti amatola chilichonse n'kuponya m'kamwa. Amuna anga anapepesa. Kupepesa amatha. Ndinene pano kuti si munthu woipa. Samwa, sanandikwezerepo dzanja, akabwera ndi bisiketi imodzi m'thumba amaibenthula patatu. Kaphwiti akadwala ndi iwo amene amayenda naye m'chipinda akumuimbira nyimbo zopanda mutu.

Itatha fulasiki anaikapo foni yawo, momwe munali manambala a mabwana onse omwe amawaitana kuti akawanyamulire. Lolemba la sabata imeneyo anasewera mpira wowongoka mabowo onse a m'bwalomo, moti mnzawo wamtali uja anati dzina la Chikwakwa aligulitse kwa wina. Anabwera kunyumba akuimba mluzu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi foni inagawika pawiri, batire kukagwera kwa aneba. Lolemba lotsatira mpira unakhotanso, ndipo akuti Aphunzitsi anangopukusa mutu n'kupita kukaima kumbuyo kwa munthu wina.

Tsiku limenelo anakhala pabedi osavula nsapato. Ine ndinali nditaima tsiku lonse ndikusita mashiti a kuhotela, miyendo ili ngati ya munthu wina.

"Mayi a Kaphwiti."

"Ee."

"Ndikupempheni kanthu, koma musayankhe msanga."

"Wailesi ayi. Ndi ya amayi."

"Si wailesi. Muimepo inuyo. Phazi lokha. Kakhumi basi."

"Mutu ukukupwetekani?"

"Tamverani. Fulasiki ndi fulasiki, foni ndi foni. Koma inu? Manja angayambe afota asanakukhudzeni."

"Makapu munanenanso chomwecho."

"Zaka naini, mayi a Kaphwiti. Mabwana ena ndinayamba kuwanyamulira ali ndi tsitsi. Pano ndikunyamulira ana awo, ana oti ndinkawatolera timipira akamasewera. Mukufuna Kaphwiti akadzafunsidwa ndi mnzake kusukulu kuti bambo ako amatani, adzati amanyamula chikwama cha bambo ako?"

Ndinavomera chifukwa ndinatopa. Ndilibe chifukwa china chokongola choti ndipereke. Kukana kumafuna mphamvu, umakana lero, mawa ukanenso, mkucha ukanenso munthu atagwada, pomwe kuvomera ndi kamodzi. Ndinagoneka mwana m'nyumba, ndinakhoma chitseko n'kuchiyesa kawiri. Ndinaima kutsidya kwa mpira moyang'anana nawo, msana ndautsamiritsa kumpanda, phazi lokha ndalitambasulira m'kabwalo ka makala.

Ndodo ikamadutsa pafupi ndi phazi lako suimva ndi makutu. Umamva kamphepo pazala, kozizira, kachangu, kenako m'pamene mpira umalira. Kakhumi konse unagunda pakati pa bulangete. Amuna anga anali thukuta lokhalokha, koma nkhope ikuwala ngati tsiku lomwe anamunyamula koyamba Kaphwiti. Anagwada n'kundigwira phazi lija ndi manja awiri.

"Phazi ili ndidzaligulira nsapato za chikopa."

"Mulisiye ndi zala zake, zikwanira."

Kakhumi kaja kanasanduka makumi awiri, kenako atatu. Tsiku lachinayi ndinaona kuima kwa pamwamba kwafupika. Ndinaona bwinobwino, poti ndinali nditayang'anana nawo maso ndi maso, koma ndinakhala chete. Ndinkati mwina ndi mantha anga aja. Tsiku lachisanu ndodo inadula nsonga ya patapata n'kutenga chikhadabo cha chala chachikulu.

Mwana tinamusiya kwa aneba athu, mayi ogulitsa mazira amene amatisungira masana tikapita kuntchito. Amuna anga anandibereka mpaka kukachipatala ka kumsika, akulira kuposa ine. Namwino atafunsa ndinati ndi chitseko.

Patapita masiku awiri ndinakumana ndi Mdala wa Guluu podikirira minibasi. Anayang'ana bandeji, kenako anayang'ana msewu.

"Mwatani phazi, mayi?"

"Chitseko."

"Chitseko chanucho ndi cha nambala seveni?"

Anapukuta zala pa buluku, osachoka kanthu.

"Ndinanena ine tsiku lija."

"Munanena mukuyang'ana pansi, agogo. Tinkayesa nthabwala."

"Ndikanena ndikuyang'ana m'mwamba amati ndaledzera ndi guluu. Mayi, munthu wanyamula chikwama zaka naini, phewa linaphunzira zake. Kuwongola kumatheka, koma ndi chaka, mwina ziwiri, pang'onopang'ono, popanda ndi mpira womwe. Aphunzitsi aja amadziwa zimenezo, kungoti amakonda kuseketsa anthu. Mantha ali ngati sopo. Ukamasambira akutha."

"Ndazindikira."

"Panyumba patsala chiyani chomwe mnyamata uja amachiopa?"

"Palibe. Zonse zinasweka, ndipo ine sindiimaponso."

Anatsegula pakamwa, minibasi inafika, kondakitala anayamba kutikankhira mkati, mdala n'kukhala kutsogolo, ine kumbuyo. Funso lake lija ndinalitenga ngati la ziwiya.

Sabata yomaliza, Lachiwiri, mayi a mazira anaitanidwa kwa mwana wawo amene anachira mwana woyamba. Anati abwera pakatha sabata. Tinagwirizana kuti amuna anga azinyamula m'mawa mokha, abwere ndisananyamuke, azikhala ndi Kaphwiti masana ine ndili kuntchito. Sindinade nkhawa kuposa masiku onse. Mipeni ndinaikweza pamwamba pa kabati, machesi ndinaika m'chikwama changa, ndowa ya madzi ndinaivindikira n'kutsindikapo mwala. Ndinawauza kasanu za mbaula.

Lachitatu ndinapeza mwana atasambitsidwa, bulangete litapindidwa, bambo akuimba mluzu. Sanandipemphe kuti ndiwajambule. Lachinayi pochapa ndinaona kumbuyo kwa kadiresi ka Kaphwiti kuli kwakuda.

"Ameneyu wakhala pa makala?"

"Mwana ndi mwana. Amakhala paliponse."

Lachisanu ndinapeza pepala la mabisiketi lopanda kanthu pansi pa pilo wawo, ndinangoti bambo ndi mwana akudyera limodzi, ine mayi wosita mashiti andiiwala. Loweruka anandichingamira pakhomo.

"Lolemba ndapambana kale, mayi a Kaphwiti. Ndodo ikudzera mkati yokha. Kuikakamiza kuti ituluke ikukana."

"Mukuikapo chiyani?"

"Palibe. Manja aphunzira basi."

Ndinafuna kukhulupirira, ndipo ndinakhulupirira. Tsiku limenelo ndinagona tulo tomwe ndinali ndisanagone mwezi wathunthu.

Lamulungu sindipita kuntchito. Chakumadzulo, dzuwa litapendeka, ndinali kuseri kuja ndikuchapa. Kaphwiti ankasewera ndi zopanira zovala pambali panga, kuziika m'kapu, kuzikhuthula, kuziikanso. Ali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi itatu, ndipo dzina lake linabwera chifukwa sakhazikika. Pomudyetsa ndimachita kumuthamangitsa ndi supuni chipinda chonse.

Bambo ake anatuluka atanyamula ndodo ija, kansalu ndi mswachi wakale, kuti aitsuke pokonzekera mawa. Sanayale kapeti. Sanatenge mpira. Anangotuluka nayo m'manja.

Kaphwiti anaiona. Anasiya zopanira, anadzuka, anayenda dzandidzandi mpaka pakabwalo ka makala. Anatembenuka, anabwerera chambuyo pang'ono ngati nkhuku yofuna kukhalira mazira, n'kukhala pakati penipeni. Anapinda miyendo. Anaika manja pamaondo.

"Phee," anatero, akuyang'ana bambo ake. "Phee, ababa."

Ndipo anakhaladi phee. Mwana amene sindinamuonepo atakhala chete ali maso. Bondo lake linali chikhatho chimodzi kuchokera pomwe pamakhala mpira. Mutu wake unapitirira pang'ono pomwe pankafika chivindikiro cha fulasiki. Anadikira, ataona kuti palibe chikuchitika, anapanga yekha "fyuu" ndi pakamwa, n'kutambasula kadzanja kuti alandire bisiketi.

Sindikumbuka kuti ndinadzuka bwanji. Ndinangopezeka ndamunyamula, thovu la sopo likutsikira pamsana pake, iye akulira chifukwa ndamuchotsa asanalandire chake.

"Masiku angati?"

"Mayi a Kaphwiti, khalani kaye pansi."

"Ndafunsa masiku."

"Anayi. Kuyambira Lachitatu." Ndodo anaitsamiritsa pakhoma pang'onopang'ono. "Sindinamukhudze ngakhale tsitsi limodzi. Tsiku loyamba anakhalapo yekha, ine sindinamuike. Ndinati ndimuchotse, kenako ndinati kamodzi kokha, mosathamanga, ndione. Mayi a Kaphwiti, simunaonepo ndodo ikutsika chonchija. Ngati madzi mumngalande."

"Kangati patsiku?"

"Makumi awiri. Mwina atatu."

Mutu wanga unawerenga wokha, sindinautume. Pafupifupi ka handiredi.

"Ndi mwana wanga ameneyu," anatero. "Mukuganiza kuti ine ndingamenye mwana wanga?"

"Ine munati manja angayambe afota."

"Inu ndinu wamkulu. Pansi pa mtima ndinkadziwa kuti mukhoza kuthawitsa phazi. Uyu sangathawe. N'chifukwa chake zikutheka."

Ananena mofatsa, ngati akundifotokozera samu yomwe ndaiphonya. Sanali kudziteteza. Ankafuna kuti ndimvetse, monga ndinamvetsera za lata ndi pensulo, ndipo choipa n'chakuti ndinamvetsa.

"Fulasiki inasweka tsiku la eyiti," ndinatero. "Foni la sikisi. Phazi langa la faifi. Masiku akufupika, bambo a Kaphwiti. Mawa ndi la faifi."

"Zimenezo ndi zowerenga zanu zija."

"Zinanamapo?"

Anakhala pandowa yovundikira n'kuyamba kutsuka timizere ta kumutu kwa ndodo ndi mswachi. Kaphwiti anali atasiya kulira, akuvutikira kuti atsike apite kwa bambo ake.

"Lero sindinamenye, mwaona nokha, ndapumitsa manja. Mawa m'mamawa kakhumi kokha ndisananyamuke, kuti manja akumbukire njira. Ikamakwana naini koloko zonse zatha. Kabwalo aka ndidzakafufuta ndekha, ndodo izidzagona kukalabu."

"Ayi."

"Mudzaime pomwepo muzionerera. Mujambule, muike pensulo yanu. Mukangoona yatuluka pang'ono mundiletse."

"Ndikadzaona kuti yatuluka ndiye kuti yafika kale."

"Kasanu."

"Mukutsatsa tomato?"

Sanaseke, inenso sindinaseke. Anapukuta ndodo ndi kansalu, anaiyang'ana padzuwa, anaipukutanso.

"Zaka naini," anatero motsitsa mawu, osati kwa ine kwenikweni. Kenako anati, "Tikambirana m'mawa."

Mawu amenewo ndimawadziwa. Ndikudziwanso m'mawa wake mmene udzakhalire. Adzadzuka faifi koloko, adzawiritsa madzi, adzandibweretsera tiyi m'kapu yapulasitiki. Adzagwada pambali pa bedi. Adzanena za phewa, za ana a mabwana, za nsapato za chikopa, za kusukulu. Sadzakalipa. Akanakhala munthu wokalipa bwenzi zili zosavuta. Ine ndidzakhala nditagona maso ali gwa, mutu ukulemera, ndipo adzati katatu, kenako kamodzi, kamodzi kokha mosathamanga. Phazi lija ndinalitambasula ndekha, palibe anandikoka. Ndipo ngakhale nditakana mpaka kumapeto, pali nthawi yomwe ndidzalowe kubafa, pali nthawi yomwe ndidzapite kumpopi, ndipo mwana mwiniwake amathamangira pamalo paja akangoona ndodo.

Ndinamanga Kaphwiti kumsana n'kumaliza kuchapa. Madzi otsukuluzira ndinawakhuthulira pakabwalo paja, ndinakwecha ndi burashi mpaka mkono kuwawa. Makala a masabata asanu ndi limodzi, ojambulidwa pamwamba pa anzake tsiku ndi tsiku, anali atalowerera m'simenti. Kabwalo kanangotuwa, koma kanali pomwepo. Nditamutsitsa mwana kuti ndiyanike, anapita kukakhala ponyowa pomwepo, manja pamaondo.

Amuna anga anatuluka kukameta tsitsi pakona, kuti mawa akaoneke ngati munthu woyenera malaya a kalabu. Ndinaika makala m'simbi n'kuwasitira malaya awo oyera ndi buluku, mizere yowongoka ngati ya mabwana omwe ndimawasitira kuntchito. Ndinazipachika pamsomali. Ndinawasiyira masokosi awiri ofanana pansapato. Kenako ndinaanula zovala za Kaphwiti zisanaume, ndinazikulunga m'pepala lapulasitiki, ndinaika m'chikwama pamodzi ndi kabuku kake ka kuchipatala, kapu yake imodzi ndi madiresi anga awiri. Chikwamacho ndinachiika m'beseni kuseri kwa chitseko, pamwamba n'kufunditsapo zochapa.

Achemwali ndinawalembera mawu ochepa. "Ndikubwera ndi mwana m'mamawa, mudzatsegule. Musaimbe."

Anayankha nthawi yomweyo. "Wakumenya?"

"Ayi."

"Nanga?"

Ndinalemba kuti ndidzafotokoza ndikafika, ngakhale sindinkadziwa kuti ndidzayambira pati, pa lata kapena pa katoni.

Anabwera atametedwa bwino, kunja kukadali kowala, ali ndi bisiketi imodzi m'thumba. Anaibenthula patatu monga mwa nthawi zonse. Ataona malaya pamsomali anandiyang'ana, maso awo n'kufewa, ndipo ndinadziwa kuti akuganiza kuti ndavomera. Sindinawakonze. Ndinalandira chidutswa changa n'kumupatsa Kaphwiti.

"Munditchere alamu ya faifi pafoni yanuyo," anatero.

"Mumadzuka nokha inu. Zaka naini simunachedwepo."

"Komabe."

Ndinatenga foni n'kutchera hafu pasiti fili, yongonjenjemera yopanda kulira, kuti ndiiike pansi pa pilo wanga. Mwina mawa ndodo idzadzera mkati m'kabwalo mulibe kanthu. Ndinawafunira zimenezo ndi mtima wonse, ndipo ndikuwafunirabe. Koma zotsatira zake tidzazimvera kwa achemwali. Minibasi yoyamba imadutsa pamphambano folo koloko, ndipo ndinatsimikiza kuti ine ndi Kaphwiti idzatipeza titaima kale pamenepo.